NYIMBO IMODZI SACHEZERA GULE: CHIMBALE CHA "GREATEST HITS" CHA GULU LA QUEEN

Pa 26 Okutobala 1981, m'masitolo a ku Britain mudafika chimbale chimene mudalibe nyimbo yatsopano ngakhale imodzi. Nyimbo zonse 17 za m'menemo anthu adali atazimva kale pa wailesi, ndipo ambiri adali atazigula kale imodziimodzi. Komabe chimbale chimenechi, chotchedwa Greatest Hits, cha gulu loimba la Queen, ndicho chidadzagulidwa koposa zimbale zonse m'mbiri ya dzikolo. Mu 2014 chiwerengero chake ku Britain kokha chidafika 6 miliyoni, ndipo mu 2022 chidafika 7 miliyoni. Chaka chomwecho chidakwanitsa milungu 1,000 chikupezeka pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri.

Zimenezi zimadzutsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, nchiyani chimachititsa munthu kutulutsa ndalama zake kugula nyimbo zimene akuzidziwa kale? Lachiwiri, lomwe ndi lalikulu koposa, ndi lakuti, kodi munthu amene wamva chimbale chotere angathe kunena kuti oimbawo wawadziwa?

Chiyambi cha mwambowu

Kuti nkhaniyi imveke, nkofunika kukumbukira momwe nyimbo zinkagulitsidwira masiku a galamafoni. Padali mbale za mitundu iwiri. Padali kambale kakang'ono, kozungulira ka 45 pa mphindi imodzi, kokhala ndi nyimbo imodzi mbali iyi ndi ina kuseri. Padalinso chimbale chachikulu, chozungulira pang'onopang'ono, chimene kawirikawiri chinkatenga nyimbo za mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono mbali iliyonse. Chimbale chachikulucho chidayamba ndi kampani ya Columbia mu 1948, ndipo kakang'onoko kadabwera ndi kampani ya RCA Victor mu 1949.

Gulu loimba likajambula chimbale chachikulu, kampani inkasankhamo nyimbo ziwiri kapena zitatu nkuzitulutsa pa timbale ting'onoting'ono, nkuzitumiza ku nyumba za wailesi. Mlungu uliwonse ankawerengera timbale timene tagulidwa m'masitolo ndi kulemba mndandanda, kuyambira pa nambala 1 kutsika m'munsi. Nyimbo imene yakwera pa mndandandawo ndiyo Azungu amaitcha "hit". Motero mawu akuti Greatest Hits amatanthauza nyimbo zimene zidagulidwa ndi kutchuka koposa zinzake.

Mwambo wosonkhanitsa nyimbo zotere pamodzi ambiri amati udakhazikika mu 1958, pamene kampani ya Columbia idatulutsa Johnny's Greatest Hits, chimbale cha woimba wa ku Amereka, Johnny Mathis. Chidakhala pa mndandanda milungu 490. Makampani adaphunzirapo kanthu: chimbale chotere sichilira ndalama zojambulira, pakuti nyimbozo zili kale pa matepi m'nkhokwe. Chofunika ndi kusankha, kusanja ndi kukonza chikuto. Mu 1976 gulu la Eagles la ku Amereka lidaona nyimbo zake za 1971 mpaka 1975 zikusonkhanitsidwa motero, ena mwa oimbawo asakukondwera nazo, koma chimbalecho chidadzakhala chimodzi mwa zogulidwa koposa m'mbiri ya Amereka.

Anyamata anayi a ku London

Gulu la Queen lidayamba ku London mu 1970, ndipo lidakwanira mu 1971. Mudali anthu anayi, onse ophunzira bwino. Brian May, woimba gitala, adaphunzira sayansi ya zakuthambo pa Imperial College. Gitala wake adampanga yekha mothandizana ndi bambo ake, pogwiritsa ntchito thabwa lakale la pamalo osonkhera moto m'nyumba. Roger Taylor, wa ng'oma, adayamba maphunziro a udokotala wa mano asanasinthe kupita ku sayansi ya zamoyo. John Deacon, wa gitala wa besi, amene adabwera pomaliza, adaphunzira za magetsi.

Wachinayi, mtsogoleri wa mawu ndiponso woimba piyano, adabadwira kuno ku Africa. Dzina lake lobadwa nalo lidali Farrokh Bulsara, ndipo adabadwa pa 5 Sepitembala 1946 pa chilumba cha Zanzibar, chimene tsopano ndi gawo la dziko la Tanzania. Makolo ake adali Amwenye a mtundu wa Parsi. Iye adakaphunzira sukulu ku India, ndipo mu 1964, chaka chimene boma la Sultan lidagwetsedwa ku Zanzibar, banja lonse lidathawira ku Mangalande. Kumeneko adaphunzira zojambulajambula, nadzadzitcha Freddie Mercury.

Nyimbo zawo zidali za mtundu wotchedwa rock, umene maziko ake ndi gitala wamagetsi, besi ndi ng'oma zolira mwamphamvu. Koma anayiwa sadakhazikike pa njira imodzi. Kuyambira 1973 mpaka 1980 adajambula zimbale zazikulu 9 m'nyumba zojambuliramo, ndipo m'menemo mudali nyimbo zoposa 100, kuwerengera pamodzi ndi tizidutswa ta nyimbo za mu kanema wa Flash Gordon. Mwa zonsezo, zimene zidalowa mu Greatest Hits ya ku Britain ndi 17 zokha. Apa mpamene pagona nkhani: adasankha ndani, ndipo adasankha poyang'ana chiyani?

Woyamba kusankha adali womvera

Ngakhale gululo ndi kampani yake ya EMI ndiwo adalemba mndandanda womaliza, kupeta kwenikweni kudachitika kale, m'nyumba za wailesi, m'masitolo ndi m'mabwalo a zoimbaimba. Nkhani za nyimbo zitatu zikuonetsa bwino zimenezi.

Yoyamba ndi Bohemian Rhapsody, imene imatsegula chimbalechi. Idatuluka pa 31 Okutobala 1975. Kutalika kwake ndi mphindi 5 ndi masekondi 55, pa nthawi imene nyumba za wailesi zinkakonda nyimbo za mphindi zitatu. Ilibe kolasi yobwerezabwereza. Imayamba mofatsa, pakati nkusanduka ngati kwaya yaikulu, kenaka nkulusa ndi magitala, nkudzatha mwachifatse. Kwayayo sidali kwaya yeniyeni: adali Mercury, May ndi Taylor okha, akujambula mawu awo mobwerezabwereza, ena pamwamba pa ena, mpaka tepi idayamba kuperepeseka. Akuluakulu a zamalonda ankaopa kuti palibe wailesi imene ingaulutse nyimbo yaitali chotero. Koma woulutsa mawu wina wa pa Capital Radio ku London, Kenny Everett, ataipeza isanatuluke, adaiulutsa ka 14 m'masiku awiri. Omvera adayamba kuifunsa m'masitolo isanafike nkomwe. Itatuluka idakhala pa nambala 1 milungu 9.

Yachiwiri ndi Another One Bites the Dust, yopeka John Deacon, ya mu 1980. Nyimboyi yatsamira pa besi, ndipo kamvekedwe kake nkofanana ndi nyimbo zovina za anthu akuda a ku Amereka, makamaka za gulu la Chic, limene Deacon ankalikonda. Poyamba gululo silidaganize zoitulutsa payokha. Nyumba za wailesi zoulutsira anthu akuda ku Amereka ndizo zidayamba kuiimba, ndipo Michael Jackson, atawaonera akuimba, adawalimbikitsa kuti aitulutse. Idafika pa nambala 1 ku Amereka, pamene kwawo ku Britain idalekezera pa nambala 7.

Yachitatu ndi We Will Rock You, ya mu 1977. Tsiku lina chaka chimenecho, ataimba ku Bingley Hall m'tauni ya Stafford, oimbawo adadabwa kumva khamu la anthu likuwaimbira iwo nyimbo atatsika kale pa nsanja. Brian May adaganiza zopeka nyimbo imene khamu lingathe kuimba nawo popanda chida chilichonse. Chimene chidatuluka ndi nyimbo ya mphindi ziwiri, yopanda ng'oma, yoyendera kuponda pansi kawiri ndi kuomba m'manja kamodzi, gitala nkudzalowa chakumapeto. Munthu amene adaonapo gule wa pabwalo, pamene oonerera ndi ovina amagawana ntchito, sangavutike kumvetsa chifukwa chimene nyimboyi idafalikira m'mabwalo a mpira m'maiko ambiri.

Pa nyimbo zitatu zonsezi, chiweruzo cha akatswiri a zamalonda chidabwera pambuyo. Amene adatsogola ndi woulutsa mawu ndi womvera wake.

Ntchito ya kusanja

Kusankha nyimbo ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kuzisanja. Amene adakonza Greatest Hits sadatsate zaka. Nyimbo ya 1975 ikutsatidwa ndi ya 1980, kenaka Killer Queen ya 1974. Nyimbo yakale koposa zonse, Seven Seas of Rhye, ili pafupi ndi mapeto. Adasanja monga momwe wokonza pulogalamu ya pa wailesi amachitira: yolemera itsatidwe ndi yopepuka, yothamanga itsatidwe ndi yofatsa, kuti khutu lisatope. Mbali yoyamba muli nyimbo 8 ndipo yachiwiri muli 9. Adamalizira ndi We Will Rock You ndi We Are the Champions, ziwiri zimene zidatulukira pa kambale kamodzi mu 1977, zomwenso gululo linkatsekera nazo zoimbaimba zake. Motero womvera amatsazikidwa monga ankatsazikidwira anthu pabwalo.

Padalinso vuto la malo. Nyimbo 17 zimenezi zikukwana pafupifupi mphindi 58, kutanthauza kuti mbali iliyonse idasenza mphindi pafupifupi 29. Pa mbale ya galamafoni, mawu amakhala m'kanjira kopyapyala kamene singano imatsata kuchokera m'mphepete kupita pakati. Mawu akakhala okweza, makamaka a besi, kanjirako kamafuna malo aakulu. Choncho wofuna kulowetsa nyimbo zambiri ayenera kupanikiza tinjirato ndi kutsitsako mawu. Chidathandizako ndi chakuti nyimbo zina, monga Fat Bottomed Girls, adaziika monga zidamvekera pa timbale ting'onoting'ono, zodulidwako, osati monga zidalili pa zimbale zazikulu.

Chodabwitsa china nchakuti Greatest Hits sichidali chimbale chimodzi pa dziko lonse. Popeza nyimbo yotchuka ku London siidali nthawi zonse yotchuka kwina, maiko osiyanasiyana adalandira mindandanda yosiyana. Cha ku Amereka mudalowa Under Pressure, nyimbo yatsopano imene gululo lidajambula ndi David Bowie. Cha ku Britain mudalibe, ngakhale nyimboyo idafika pa nambala 1 komweko patangopita milungu yochepa. Cha ku Japan mudalowa Teo Torriatte, imene mbali zake zina zidaimbidwa m'Chijapanizi. Cha ku Argentina ndi ku Brazil mudalowa Love of My Life, imene makamu a kumeneko ankaiimba okha ndi mtima wonse pamene gululo lidakaimbako mu 1981. Dzina lidali limodzi, chithunzi cha pachikuto chojambula Lord Snowdon chidali chodziwika konse, koma "zopambana" za dziko lina sizidali za dziko linzake.

Nkhani ya ndalama

Mndandanda wa nyimbo ndi mndandandanso wa malipiro. Pa malamulo a zoimbaimba, chimbale chikagulidwa, oimba amalandira gawo lawo, koma wopeka nyimbo iliyonse amalandiranso gawo lina lapadera. Mwa nyimbo 17 za mu Greatest Hits, 10 adapeka ndi Mercury, 5 adapeka ndi May, ndipo 2 adapeka ndi Deacon. Roger Taylor adaimba ng'oma ndi kuthandiza mawu m'chimbale chonse, koma mulibe nyimbo yopeka iye ngakhale imodzi, pakuti pofika 1981 padalibe nyimbo yake imene idatsogolapo pa kambale kakang'ono ku Britain.

Nkhani ya yemwe nyimbo yake ituluke idawakanganitsa anayiwa kwa zaka zambiri. Mu 1975 Taylor adaumirira kuti nyimbo yake, I'm in Love with My Car, ikhale kuseri kwa Bohemian Rhapsody. Popeza wopeka nyimbo ya kuseri ankalandira mofanana ndi wopeka ya kumaso, iye adapindula kwambiri ndi kutchuka kwa nyimbo ya mnzake, ndipo anzakewo sadaiwale msanga. Mu 1984 kudadzatuluka Radio Ga Ga, yopeka Taylor, nyimbo yokumbukira ulemerero wa wailesi, imene idatchuka m'maiko ambiri. Mkanganowo adauthetsa mu 1989, pamene adagwirizana kuti nyimbo zawo zatsopano zizilembedwa m'dzina la gulu lonse, ndalama nkumagawana mofanana. Mutu umodzi susenza denga, koma padapita zaka pafupifupi 20 kuti zolembera zawo zivomereze zimenezi.

Zimene chimbale sichinena

Tsono funso lachiwiri lija liyenera kuyankhidwa. Chimbale cha nyimbo zosankhidwa chili ngati chithunzi cha tsiku la ukwati: onse avala bwino, onse akumwetulira, ndipo palibe chabodza m'menemo, koma si ndiwo moyo wonse wa banjalo.

Womvera Greatest Hits ya ku Britain sakumanamo ndi Keep Yourself Alive, nyimbo yawo yoyamba ya 1973, imene siidakwere pa mndandanda ndi pang'ono pomwe. Sakumanamo ndi nyimbo zazitali ndi zovuta monga The Prophet's Song, yopitirira mphindi 8, kapena nyimbo zimene May ndi Taylor ankatsogolera mawu. Akhoza kuganiza kuti gululo lidali la woimba mmodzi ndi omuthandiza atatu, pamene onse anayi adali opeka nyimbo. Sangadziwenso kuti kumayambiriro kwa 1975, Killer Queen itafika kale pa nambala 2, oimbawo adali opanda ndalama chifukwa cha pangano limene adasaina ndi owayang'anira oyamba, ndi kuti chimbale cha A Night at the Opera adachijambula akudziwa kuti chikalephera, mwina gululo litha.

Palinso zina zimene chimbale cha mtundu umenewu sichingathe kunena. Mu Okutobala 1984 gulu la Queen lidakaimba ku Sun City, m'dera la Bophuthatswana ku South Africa, pa nthawi imene bungwe la United Nations lidapempha oimba onse kuti asapite kumeneko chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Oimbawo adadziteteza ponena kuti adaimbira anthu a mitundu yonse, koma bungwe la oimba la ku Britain lidawalipitsa chindapusa, ndipo dzina lawo lidalembedwa pa mndandanda wa ophwanya pempholo. Patapita zaka zambiri, Taylor adavomereza kuti ulendowo udali kulakwitsa. Amene akumva Greatest Hits II, chimbale chachiwiri chokhala ndi nyimbo za 1981 mpaka 1991, sapezamo chizindikiro cha nkhani imeneyi.

Zotere sizichitikira gulu limodzi lokha. Omvera ambiri amadziwa Bob Marley kudzera m'chimbale cha Legend, chimene chidatuluka mu 1984, iye atamwalira kale mu 1981. Ngakhale muli nyimbo zingapo za ufulu, osankha adatsamira ku nyimbo zofewa zimene zikadakopa ogula ambiri a ku Ulaya ndi ku Amereka. M'chimbale cha Survival cha 1979, mmene muli nyimbo yotchedwa Zimbabwe, sadatengemo ngakhale imodzi, chonsecho Marley adaimba pa chikondwerero cha ufulu wa dzikolo mu Epulo 1980. Wosankha sanama, koma ali ndi mphamvu yosiya.

Tsabola wakale amene akuwawabe

Nanga nchifukwa ninji chimbale cha 1981 chidapitirira kugulidwa zaka zoposa 40? Chitangotuluka chidakhala pa nambala 1 milungu inayi yokha. Mphamvu yake siidali pa kuthamanga koma pa kusatopa, ndipo nthawi ndi nthawi pankachitika chinthu chobweretsa omvera atsopano.

Pa 13 Julaye 1985 gululo lidaimba pa bwalo la Wembley ku London, pa mwambo wa Live Aid wosonkhetsa thandizo la anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia. Adapatsidwa mphindi pafupifupi 20. Adasankha nyimbo 6, ndipo zinayi mwa izo zidali za mu Greatest Hits. Pa 24 Novembala 1991 Freddie Mercury adamwalira ali ndi zaka 45, patangopita tsiku limodzi chilengezereni kuti akudwala Edzi. Bohemian Rhapsody idabwereranso pa nambala 1 kwa milungu 5. Mu 2018 kudatuluka kanema wofotokoza moyo wake, ndipo ana amene adabadwa iye atamwalira kale adayamba kufunafuna nyimbozo. Pa nthawi zonsezi, munthu wofuna poyambira ankapita ku chimbale chimodzimodzicho.

Chidadutsanso m'zida zonse zoimbira. Chidayamba pa mbale ya galamafoni ndi pa kaseti, chidasamukira pa CD, ndipo kenaka pa intaneti. Kuyambira 2015 owerengera a ku Britain adayamba kuphatikiza nyimbo zomvedwa pa intaneti m'chiwerengero cha zimbale, kotero kuti 7 miliyoni ija ya mu 2022 ikuphatikiza ogula ndi omvera a njira yatsopanoyi.

Nthawi idasinthanso chiweruzo cha mndandanda. Mwa nyimbo 17 zija, imene idafikapo pa nambala 1 ku Britain pofika 1981 idali imodzi yokha. Don't Stop Me Now idalekezera pa nambala 9 ku Britain mu 1979, ndipo ku Amereka idafika pa nambala 86 yokha. Koma popeza idapeza malo m'chimbalechi, mibadwo yotsatira idaimva, idaikonda, ndipo idadzakhala imodzi mwa nyimbo za gululo zomvedwa kwambiri. Apa zikuoneka kuti chimbale chotere sichingolemba mbiri ya zimene zidatchuka. Chimathandizanso kugamula zimene zidzakumbukiridwa. Nyimbo yolowamo imapatsidwa moyo wachiwiri, yotsala kunja imadikira munthu wofufuza.

Choncho womvera wanzeru amalandira chimbale cha nyimbo zosankhidwa monga khomo, osati monga nyumba yonse. Chimamuonetsa zimene anthu a dziko lina, pa zaka zina, adakonda mpaka kuzigula, ndipo zimenezo nzamtengo wapatali. Koma akuluakulu adanena kuti nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo ngakhale nyimbo 17 sizikwana kufotokoza ntchito ya anthu anayi ya zaka khumi. Amene wakonda zosankhidwazo ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira zimene zidatsala m'nkhokwe, ndiponso chofunsira kuti adazisiya ndani, ndipo chifukwa ninji.